Thanga lofiira la achimwene ku Chiuta

Ndinanyamuka ku Utale m'mamawa, thumba lopanda kanthu nditalipinda m'chitenje. Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo ana anga atatu ankagonera mango owiritsa. Maso anga onse anali pa achimwene anga, a Saidi, asodzi a kunyanja ya Chiuta.

Pa Balaka kondakitala wa minibasi analandira nkhuku yanga m'malo mwa ndalama. Anaiyeza m'manja nati, "Mayi, nayonso njala yaikhaulitsa." Tinaseka, koma kuseka kwake kosafika m'mimba.

Masana ndinakwera matola pa Liwonde, kudutsa Ntaja mpaka Chikweo, fumbi lokhalokha. Bambo wina atamva kumene ndinkapita anati, "Kwa Che Saidi a thanga lofiira? Aja ankatidutsa ngati mphepo ife tikupalasa."

Achimwenewo anagwirapo ntchito ku Kepi, kugombe la alendo odzaona malo, kuphunzitsa azungu kuthamanga panyanja ataimirira pathabwa la thanga. Kenako azunguwo anasiya mathanga n'kuyamba kukokedwa ndi makaiti akuluakulu. Ntchito inathera pomwepo. Bwana anawatsanzika ndi thanga lakale, iwo n'kudzalimanga pabwato lawo.

Kuchoka pa Chikweo ndinayenda wapansi. Nditafika, mtima unandisweka. Madzi anali atathawira kutali, mabwato ali gone pamatope ong'aluka. Thanga lija linali loyalidwa pabwalo, atayanikapo nyika, timizu ta m'dambo timene anthu amadya zikavuta.

"Bwanji simunangophunzira makaitiwo, achimwene?" ndinafunsa titapatsana moni.

"Ndinayesa, achemwali. Manja anga anazolowera thanga, pomwe kaiti imakoka m'chiuno. Inandikhwekhwereza pamchenga ngati mbuzi yokana msika. Komanso okwerawo ndi madokotala, oyendetsa ndege, anthu okhuta. Iwo mphepo amaseweretsa, ife timadyera."

Alamu anandipatsa kambale ka nyika, ana awo akundiyang'ana pakamwa. Kwathu mlendo sanena chimene wadzera asanadye. Nditadya, ndinasowa poyambira.

M'mawa mwake ndikutsanzika, achimwene anangoti, "Tulutsani thumba lija." Ndinachita manyazi. Anakokolola theka la nyika zija n'kuthiramo.

"Ana musakawauze kuti nyanja yauma," anatero. "Mukangowauza kuti amalume akudikira mphepo."

Ndinalira mpaka pa Chikweo. Ndinapita kukapempha kwa munthu amene ndinkati ali bwino, ndipo ndinabwerera nditasenza chakudya cha ana ake.