Nshawa Zimene Ndinathira M'phanga

Ndikukumbukira chaka chimene chitsime cha kwathu ku Chiparamba chinauma. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mutu waukulu koma nzeru zochepa. Atate anali atamwalira, ndiye tinatsala atatu: amayi, ine ndi mlongo wanga Tisa, wa zaka zisanu ndi zinayi. Iye anali atangoyamba kuwerenga, ndipo ankagwira msanga kuposa ine.

Kuseri kwa mudzi kunali phiri lokhala ndi phanga lotsetsereka, lonunkha mileme. Anthu ankati kalekale, nthawi ya nkhondo, mudzi wathunthu unathawira mmenemo ndi mbuzi zomwe, osatulukanso. Ankati alipobe pansipo, amalima, njala saidziwa. Anafe tinkagona chafufumimba pakamwa pa phangalo n'kutchera khutu. Ndikulumbira, ine ndinkamva minsi ikugunda m'mitondo.

Ndiye panali a Levisoni, amene kale ankatsogolera kwaya kutchalitchi, koma atadwala kwambiri anadzuka ndi maulosi. Tsiku lina masana anandipeza paphangapo.

"Iwe mwana wa aNabanda," anatero, "chitsime chauma, si choncho? Chizindikiro ndi chimenecho. Apansi atsegula nkhokwe zawo mvula isanagwe. Koma adzapatsa okhawo amene anayamba kuwapatsa."

Kunyumba tinkadya kamodzi patsiku, phala la gaga. Koma pakona panali mtsuko wa nshawa zambewu, zosakaniza phulusa, womata dothi pakamwa. Kwathu mbewu ikamatidwa choncho sikhudzidwa, mwana alire bwanji, mpaka mvula yodzalira itagwa. Tisa ankangokhala pafupi ndi mtsukowo n'kumaununkhiza.

Amayi atapita kuganyu ku Madzimoyo, ndinagumula dothilo, ndinakhuthulira nshawa m'thumba n'kuthamangira kuphiri. Sindinadyeko ngakhale imodzi, kuopa kuti apansi anena kuti ndawabera. Ndinazithira zonse m'phangamo, ndikumva zikugubuduka mumdima. Kenako ndinakuwa, "Ndine Gabiriele wa kwa aNabanda, nyumba ya pafupi ndi mtengo wa mango!" Ndinkaopa kuti angasochere nyumba, kupusa kwake! Mumtsuko ndinadzazamo mchenga n'kumatanso bwinobwino.

Ndinadikira milungu itatu. M'mawa uliwonse ndinkasuzumira m'nkhokwe yathu, ndipo munalibe kanthu.

Mvula inagwa. Amayi anadzuka akuimba, khasu lili pakhomo, n'kugumula mtsuko uja. Analowetsa dzanja, mchenga unayoyoka pakati pa zala zawo. Anatembenukira kwa ine.

"Unadya?"

"Ayi amayi. Ndinapatsa apansi."

Ndinadikira ndodo, koma sinabwere. Anangokhala pansi n'kunena motsitsa, "Bola ukanadya, mwanawe. Bola ukanampatsako Tisa."

Anayenda khomo ndi khomo kupempha mbewu, koma aliyense anali atadzala kale. Munda wathu unamera udzu. Nditafunsa a Levisoni, anati apansi ali ndi kalendala yawo, ndisawafulumize. Ndinabwerera kuphanga ndili ndi mkwiyo, ndinatsika mpaka pamene kuwala kumathera. Nshawa zanga zinali pomwepo m'matope. Zina zinali zitaola, zina zitamera timiyendo toyera, tofooka, topindikira kukhomo. Panalibe amene anabwera kudzazitenga.

Njala itafika povuta, kunabwera mayi wina wa ku Chipata wofuna mtsikana wolera mwana. Amayi analira, koma analola kuti mmodzi wa ife azikadya. Tisa anakwera panjinga atakumbatira buku lake la kusukulu m'kapepala ka pulasitiki. M'kalasi sanalowemonso.

Lero ine ndine mphunzitsi. Ana akandifunsa za mudzi wa pansi, ndimawauza kuti ndinakafikako ndipo kulibe munthu. Ndikuzindikira tsopano kuti ndinkatchera khutu kwa anthu osaoneka, pamene wanjala weniweni ankanunkhiza mtsuko pambali panga.

Tisa amagulitsa tomato pamsika. Sanandidzudzulepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa ndodo. Ndikapita kukamuona amatulutsa foni yake n'kunena, "Achimwene, mwabwera bwino. Tandiwerengereni uthengawu."