Ndinasamutsitsa mnzanga chifukwa cha malaya

Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndipo ndikuvomera kuti nsanje inandichititsa chinthu chimene mpaka lero chimandidya mumtima.

Titangokwatirana tinapeza chipinda pa mdadada wina ku Kanjedza. Kwa inu amene simunakhalepo, mdadada ndi zipinda za lendi zondondozana, denga limodzi, mpopi umodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzinso. Khoma silifika kudenga, mnzako akatsokomola umamva. Khomo loyandikana ndi lathu linali la amake Tadala, mayi wosakwatiwa, wokongola kwabasi. Ndiwo ankatsala ndi mwana wanga ndikapita ku Limbe kukaoda tomato.

Chinkandiwawa n'chakuti amuna anga, omwe m'nyumba mawu awo ndi owerengeka, akakumana nawo pampopi ankaseka mpaka misozi. Ine ndinkangosunga mumtima.

Tsiku lina mvula inandipeza ku Limbe. Pobwera ndinalowa kwawo kukatenga mwana, ndipo pabedi pawo ndinaona malaya oyera a kuntchito a amuna anga, atapindidwa bwinobwino. Sindinafunse. Ndinabereka mwana, ulendo kwa alandilodi, mayi wopemphera wosafuna zachibwana pamalo pake. Ndinawauza kuti amake Tadala akulowetsa amuna a eni m'nyumba.

Nditangobwerako, amake Tadala anagogoda atanyamula beseni. "Aneba, mwathawa bwanji ngati mwaba? Zovala zanu izi. Matewerawa sanaume, muyanikenso." Munali malaya aja, zitenje zanga, zonse.

Inu owerenga, pa mdadada ndi mmene timachitira: mvula ikayamba, amene ali pakhomo amaanula za aliyense. Ndinkadziwa, poti nanenso ndinaanulapo zawo. Koma tsikulo maso anga anangoona malaya basi.

Ndikanathamanga kukabweza mawu anga, koma manyazi anandigwira. Ndinati ndipita mawa, kutacha ndinatinso mawa. Mwezi utatha alandilodi anauza amake Tadala kuti asamuke. Ponyamuka anandisiyira mbaula yawo kuti mwana asamazizidwe, osadziwa kuti wowachotsetsa ndine.

Geni ya tomato ndinasiya, ndilibe womusiyira mwana. M'chipinda muja munalowa anthu osapatsa ndi moni womwe, ndipo mvula ikagwa ine kulibe, zovala ndimazipeza zikudontha pachingwe.

Amayi anzanga okhala m'midadada, mukaona chokayikitsa yambani mwafunsa musanapite kwa alandilodi. Ndipo mukalakwa, kabwezeni mawu tsiku lomwelo. Ine mbaula ija ndimaphikirabe, koma mwini wake sindidziwa kumene anapita kuti ndikamupepese.