Mchere Unalibe Mlandu

Mkulu wanga Esinati anatsala pang'ono kufa ndi njala m'nyumba momwe munali chakudya. Ine ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo chakudya chakecho ndinkadya ndine.

Tinali matenanti pa esiteti ya fodya ku Chamama. Esinati anabwera kutchuthi kuchokera kusekondale yogonera komweko, kumene anzake ankamutcha Belo la Fodya pomuseka kuti ndi wonenepa. M'mawa uliwonse ankadziyeza m'chiuno ndi chingwe chosokera fodya n'kumanga mfundo. Masana amayi akatibweretsera mbatata m'chigafa choumitsira fodya, ankandikankhira mbale yake.

"Idya msanga iwe. Ukaulula ndikutsina."

Sindinaulule. Mbatata inali yokoma.

Tchuthi chisanathe, tsitsi lake linayamba kutsalira m'chipeso, ndipo ankavala juzi dzuwa lili paliwombo. Kusukulu sanabwerere. Azakhali, achemwali awo a bambo, anati ndi mdulo, matenda amene amati amagwira mwana mayi wosakhulupirika m'banja akathira mchere m'ndiwo. Amayi analetsedwa kugwira mchere, ndinkathira ndine. Bambo anasiya kuwayankhula.

Tsiku lina Esinati anakomoka tikuthyola fodya, ndipo tinapita naye kuchipatala. Anamuyeza magazi ndi makhololo, osapeza kanthu. Namwino wina wachikulire anafunsa ngati amadya.

"Mbale imabwera yoyera," anatero amayi.

Namwinoyo anandiyang'ana. "Nanga iwe wamasaya onenepawe, mbale ya achemwali ako amayeretsa ndani?"

Ndinalira, ndinanena zonse, ndi za chingwe zomwe. Namwinoyo sanandikalipire. Anaitana bambo n'kufotokoza kuti matendawa amatchedwa anorekisiya: munthu amaopa kunenepa, amadziona wonenepa ngakhale nthiti zili pamtunda, ndipo amadzimana chakudya mpaka mtima kufooka. Si mwano, ndi matenda a maganizo, ndipo amapha.

"Mayiwa abwezereni mchere wawo," anawauza bambo.

Esinati anagonekedwa, kenako anatumizidwa kwa a uphungu. Kuchira kunatenga zaka, ndipo kawiri anabwerera m'mbuyo. Dzina la namwinoyo sindinalifunse, koma funso lake limodzi linapulumutsa mkulu wanga ndi banja la amayi. Lero ndimadziwa kuti mbale yoyera si umboni woti mwana wadya, ndiponso kuti chinsinsi chimene ndinkasunga chija chinkamupha.

Mwana wa Esinati akupita Fomu 1 mwezi wamawa, nayenso kogonera komweko. Tagwirizana kuti asananyamuke timukhazike pansi, mayi ake anene za chingwe, ine ndinene za mbatata.