Wachinayi pa Wisiti ya ba Mwiya

Ba Mwiya Likumbi anafika ku Rufunsa mu 2013, maofesi a boma latsopano atangotsegulidwa kumene. Anali mlembi wosunga mafaelo, munthu wovala tayi ngakhale m'kutentha kwa Okutobala. Chokondweretsa chawo chinali chimodzi chokha: wisiti, masewera a makhadi amene anaphunzira kwa atate awo.

Wisiti imafuna anthu anayi, awiri mbali iyi, awiri mbali iyo, ogwirizana atakhala moyang'anizana. Aliyense amaponya khadi limodzi, lalikulu n'kudya onsewo. Chimene chinawasautsa ba Mwiya ndi munthu wachinayi. Anaphunzitsa mphunzitsi wina, boma linamusamutsira ku Chongwe. Anaphunzitsa wapolisi, anamutumiza ku Luangwa. Kwa zaka zitatu anatsala atatu okha: iwo, ba Dorcas a ku kiliniki, ndi ba Josephine, namwino wopuma pantchito amene anaphunzira masewerawa kwa masisitere ku Mpanshya.

Kenako anapeza Phinias, dalaivala wa minibasi, wobadwira komweko, amene panalibe womusamutsa. Malamulo onse anawagwira tsiku limodzi. Zoti anakwatira mwana wa ba Josephine, ba Mwiya anaziona ngati mwayi.

Loweruka masana, pakhonde, ba Mwiya anamulozera mpando woyang'anizana ndi ba Josephine. Phinias sanakhale.

"Ba Mwiya, ine niyang'anane maso na maso na apongozi? Awe."

Choncho anakhala mnzawo wa ba Mwiya, mpando atautembenuzira chakumbali. Masewera ali mkati, ba Josephine anaponya kingi ya mitima. Phinias anatsitsa kakhadi kakang'ono, apongozi n'kudya. Pamapeto penipeni eisi ya mitima, imene ikanadya kingiyo, inatuluka m'manja mwake itatha ntchito.

"Iwe Phinias, eisi unali nayo nthawi yonseyi?" anafunsa ba Mwiya.

"Nanga ningadye kingi ya apongozi, bwana?"

Ba Dorcas anaseka mpaka kugwetsa makhadi. "Mkamwini uyu musamutaye, ba Josephine!"

Ba Josephine sanalankhule naye mwachindunji. "Dorcas, muuze kuti azidya, ni masewera chabe."

"Auzeni kuti zikomo," anayankha Phinias, maso ali pansi, "koma sizingatheke."

Ba Mwiya anaganiza mwakuya sabata yonse ndipo sanapeze potulukira. Mnzawo wa apongozi Phinias sakanakhala. Mdani wawo akanakhala, koma wosawadya. Ba Dorcas anakanitsitsa kugwirizana naye. Loweruka lachisanu ndi chimodzi, eisi ina itawonongekanso, ba Mwiya anamenya tebulo.

"Wisiti ilibe apongozi! Zakumudzi uzisiya kumudzi!"

Phinias anaika makhadi pansi, anaombera m'manja ba Josephine mwaulemu, n'kuchoka. Ba Josephine nawonso anatenga ambulera yawo. Mwezi wathunthu pakhonde panalibe wobwera.

Ba Mwiya sanazolowere kupepesa. Komabe Lolemba lina anapita kusiteshoni, nayima padzuwa mpaka minibasi ya Phinias itafika kuchokera ku Chinyunyu. Anapepesa pawindo, okwera onse akumvetsera.

"Nizabwera," anatero Phinias, "koma kingi yawo sinizadya."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ngakhale kamodzi."

Ba Mwiya anavomera. Mpaka lero anayiwo amasewera Loweruka lililonse, ndipo ba Mwiya amaluza pafupifupi nthawi zonse. Amawerengera makhadi molondola, amadziwa bwino lomwe kuti eisi ili m'manja mwa mnzawo, n'kuionerera kingi ikudutsa. Amangovula magalasi ndi kuwapukuta kwa nthawi yaitali.