Njere imodzi yotsala

Fungo la chimanga chambewu chokhalitsa kudenga la khitchini, chonunkha utsi ndi mwaye, limandibwezera kwathu kwa Dzoole, chaka chimene tinaika mng'ono wathu Tiyamike. Mvula ya chizimalupsa inali itagwa kale, anzathu atakonza mizere, koma mbewu yathu inali pa mkeka pakhonde, m'manja mwa achimwene anga a Yohane.

A Yohane anali atabwera kusekondale kudzalira maliro, osabwereranso. Anatokola chimangacho okha n'kuwerenga njere zonse. Zinakwana 2,521. Kenaka anayamba kuzigawa milumilu. Akagawa pawiri, inkatsala imodzi. Patatu, imodzi. Panayi, pasanu, mpaka pakhumi, kanjere kamodzi kankatsalabe pakona pa mkeka. Ankasakaniza n'kuyambiranso, dzuwa likuswa mtengo, milomo itauma gwa. Nkhuku zimene zinkatibera chakudya m'manja sizinkayandikira khonde limenelo, ndipo ine ndinkaopa ngakhale kudutsapo.

"Imeneyo ndi ya Tiyamike, akufuna gawo lake," anatero amayi tsiku lina, motsitsa mawu.

Amalume, alongo awo a amayi, sanali munthu wonyengerera. Anati mitambo yayamba kuda ku mapiri a Ntchisi, ndipo mbewu ikapanda kulowa pansi mvula ikubwerayi, amanga a Yohane ndi chingwe n'kupita nawo kwa sing'anga. Ndinadana nawo amalume tsiku limenelo, ngakhale njala imene ankaiopayo inali yathu tomwe.

M'mawa mwake mphepo inaima zii. A Yohane atagawa pasanu ndi pawiri, kanjere kaja kanatsalanso. Amayi anatula mtsuko, anagwada pamkekapo, n'kukatola.

"Amayi, musamutenge!" anakuwa a Yohane.

"Sindikupita naye kutali, mwanangu. Akhala pompano."

Anakumba ndi chala pafupi ndi chitseko n'kukwirira. A Yohane anayambiranso. Pawiri zinakwanira. Patatu zinakwanira. Anafika pakhumi popanda chotsala, ndipo pamenepo analira kulira kumene sanalire kumanda kuja. Madzulo ake anathira okha mbewu mu lichero. Chingwe cha amalume chinabwerera pa khosi la mbuzi.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti Tiyamike ankabwera masanasana kudzakankhira njere yake pambali. Lero ndimaphunzitsa masamu, ndipo ndikudziwa kuti 2,520 ndiyo nambala yaing'ono kwambiri yogawika ndi manambala onse kuyambira 1 mpaka 10. Ukawonjezerapo imodzi, imodziyo iyenera kutsala basi, ndipo 2,521 sigawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Ana a m'kalasi mwanga amazimva msanga zimenezi. Chimene sindiwauza n'chakuti njere ya pakhomo ija inamera, phesi lake linabereka chimanga chimodzi, ndipo m'nyumba monse, ngakhale amalume, palibe anachithyola.