Letesi Amene Ndinaphikitsa ku Hyattsville

Ndikukumbukira onse amene analipo tsiku lija. Panali ine Samisoni Kadzakumanja wa ku Dedza, mkazi wanga Nangozo, mwana wanga Limbani, bwenzi lake Misozi, ndi amayi ake a Misoziyo, a Tembo a ku Chipata, amene ankasamalira okalamba ku Falls Church. Munali m'mwezi wa Meyi, m'ma 1990 muja, nditangofika kumene ku Hyattsville, ku America, kudzakhala ndi Limbani.

Ine sukulu ndinalekera panjira, koma dimba ndinaliyamba ndisanavale kabudula. Repu, mpiru, tomato, kafunseni ku Dedza. Ndiye atandigawira kamunda kuseri kwa tchalitchi, mbewu ya repu itasowa, mzungu wina anandipatsa mbande za letesi. Kunja kunali kozizira, ndipo zinakula zonenepa, zobiriwira, moti ndinkangoima n'kumaziyang'ana.

Tsono a Tembo ankazengereza kuvomera za chinkhoswe. Ankati banja lathu salidziwa. Tsiku lina Limbani akulankhula nawo, ine ndinamulanda foni n'kufuula kuti, "Bwerani Loweruka mudzadye ndiwo za m'munda mwanga, mudzatidziwira pamenepo!" Mwana wanga anangogwira kumutu.

Loweruka ndinadzaza beseni lalikulu. Nangozo anati, "Bambo, masamba amenewa akuti amadya osaphika." Ndinati, "Ndine mbuzi ine? Phikani monga repu, anyezi ndi tomato." Theka la beseni linalowa mumphika. Titavundukula, abale inu, munali madzi okhaokha, timasamba titalefuka pansi ngati nsanza, tosakwana ndi mwana yemwe.

Manyazi analipo, sindikana, koma chimene chinandigwira kwambiri ndi kudabwa. Masamba onse aja apita kuti? Ndinatola tsamba laliwisi, ndinalinunkhiza, ndinaliyang'ana padzuwa la pawindo, kenako ndinaluma. Linalira khwa m'kamwa, lozizira, lotsekemera patalipatali. A Tembo anandipeza ndili choncho, ndikutafuna.

Anasuzumira mumphika nati, "Nanga ichi ni chani? Mwatiitanira manzi?"

Ndinati, "Mayi, sekani, koma mundiuze. Chimera chotani chimene chimathawa moto?"

Anavula jekete. Anatsuka masamba otsala aja, anawaumitsa ndi kansalu, nang'amba nkhuku yowotcha. Patsamba lililonse anaikapo nyama, tomato, anyezi, tsabola ndi madontho a ndimu, n'kukulunga ngati fodya. Anati anaphunzira kwa anzawo a ku Vietnam kuntchito.

Ine mafunso sanandithere. Nanga wina akafuna zotentha? Anati mumaponya mumsuzi mutaphula kale. Nanga mazira? Mumaduladula n'kuwaza pamwamba akapsa. Nanga kukatentha mu Julaye? Anati amatalika, amachita maluwa n'kuyamba kuwawa, ndipo azungu amazula n'kutaya.

"Kutaya?" ndinakuwa mpaka Misozi anadzidzimuka pabalaza. "Chisoso sichiwawa kodi? Bwanji osatendera ndi chiponde?"

A Tembo anaima mpeni uli m'manja. Anati zimenezo sanayesepo. Tinapangana kuti mzere umodzi ndiusiye ukalambe, tidzaone. Tinadzayesadi, ndipo zinatheka, ngakhale Nangozo mpaka lero amati zinkawawa ngati mankhwala.

Tinadya ndi manja, msuzi ukuyenderera m'zigongono. Za chinkhoswe palibe anazitchula, ndipo Limbani chakudya sichinkamulowa. Potsanzika pakhomo a Tembo anandigwira dzanja nati, "Tsalani bwino, asewere." Mawu amenewo amanena makolo amene ana awo akwatirana.

Panopa ndimadziwa kuti mbewu iliyonse ili ndi khalidwe lake, ndipo mlimi wamkulu ngati ine amayenera kuifunsa kaye. Limbani atabwerako kowaperekeza kokwerera sitima ya Metro anakhala pansi n'kupumira m'mwamba.

"Ababa, avomera. Akuti munthu wamakani sakanaluma tsamba lija. Koma akuti pa chinkhoswe inu mukhale kunja ndi azibambo, kukhitchini musapondeko."