Bantomu, Ng'ombe Imene Ndinkaimenya Popanda Mlandu

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza pakhomo la tchalitchi ku Kambombo, ndili kale mayi wa ana awiri. Bambo a anawo anali atapita kumigodi kukafuna ntchito, ndipo anaipezadi, pamodzi ndi mkazi wina. Ine ndinatsala ndi khasu, kumazungulira m'minda ya anthu kugwira ganyu. Lamulungu lina titatuluka m'mapemphero ndinamva a Kumwenda, aphunzitsi opuma ntchito, akudandaula kuti anyamata atatu awathawa kale pa ntchito yolima ndi ng'ombe. Ndinawayandikira, n'kugwada, n'kupempha kuti alembe ine.

"Nyazimba, pulawo si mthiko," anatero.

"Niyeseni sabata imodzi chabe, adada. Nikakangiwa munichotse."

Anavomera, osati chifukwa chondikhulupirira, koma chifukwa mitambo inali itayamba kusonkhana.

Ife a kuchigwa kuno sitinakule ndi ng'ombe. Kashembe, ntchentche yoluma ija, ankazitha, choncho makolo athu ankadziwa khasu, mbuzi ndi nkhuku basi. Ng'ombe zayamba kuoneka posachedwapa mankhwala atayamba kupezeka, ndipo aliyense amene wagula amaphunzirira pa ng'ombe yake yomweyo. A Kumwenda anaphunzirira m'kabuku kena kothothoka masamba, ndipo poti anali aphunzitsi, panalibe wowatsutsa. Iwo ndi amene anandionetsa joko, mtengo uja wokhala pamakosi a ng'ombe, ndi zikeyi, timitengo tolowa m'zibowo za joko mbali iyi ndi iyi ya khosi. Anandionetsa kumanga sitolopo, kachingwe kachikopa kodutsa kunsi kwa khosi, mosiya mpata wolowa zala kuti ng'ombe isatsamwe. Anandionetsa kukola tcheni, kumanga mabawuti a shera, chitsulo chija chodula nthaka, ndi kukweza kapena kutsitsa wilo kuti pulawo ilowe mozama kapena mosazama. Zonsezi anandiphunzitsa bwino, ndisawanamizire.

Ng'ombe zinali ziwiri. Sitima anali wamng'ono, wakuda, wamphamvu koma wopupuluma. Winayo anali Bantomu, wofiira, wokalamba, nyanga imodzi yoweramira pansi, mafupa a m'chiuno ali poyera. A Kumwenda anamugula motchipa kumtunda, cha ku Lundazi, kwa mayi wina wamasiye. Ng'ombe inzake yolima nayo inali itafa, mwini wakenso, mwamuna wa mayiyo, atamwalira, ndiye panalibe wofotokoza za khalidwe lake. Anthu a m'mudzi atamuona anamupatsa dzina loti Penshoni.

Pulawo imaponyera dothi kudzanja lamanja, n'kusiya kanjira kokumbika kamene timati mfolo. Pobwerera, ng'ombe ya kumanja imayenda mumfolomo, ya kumanzere imayenda pamtunda posalima. A Kumwenda anaganiza kuti mumfolo ndi movuta kuyendamo, motero mufunika wamphamvu. Lamulo lawo linali lakuti Sitima kumanja, Bantomu kumanzere. Iwo ankatsogolera ndi chingwe, ine kumbuyo nditagwira pulawo, chikwapu chili m'manja.

Nkhondo inkayamba m'mawa uliwonse tisanachoke pakhola. Ndikangoika joko pansi, Bantomu ankayenda yekha n'kukaima kumanja. Ine ndinkamukoka, osasuntha. Ndinkamukankha, osasuntha. Ndinkamukwapula mpaka apite kumanzere. Kumunda nakonso kunali komweko: ankakankha Sitima ndi phewa, kufuna kumutulutsa mumfolo, Sitima n'kubwezera, pulawo n'kumavina m'manja mwanga. Mizere yathu inkakhota ngati njira ya munthu wochokera kumowa. Odutsa pa njinga ankaima dala kuti aseke.

"Nyazimba, ulemba dzina lako na pulawo?" ankafunsa.

Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo kusekedwa sindikupirira. Mkwiyo wonse wa anthu aja, ndi wa bambo uja wa kumigodi, unkathera pamsana pa Bantomu. Chaka chathunthu ndinkamuda, ndikumutcha waliuma, waulesi, gogo wopanda pake. Chodabwitsa n'chakuti sanandiponyepo mwendo ngakhale kamodzi. Ndikapita kukamupaka mankhwala a nkhupakupa ankangondinunkhiza chitenje.

Chaka chachiwiri a Kumwenda anagula ng'ombe ina yaing'ono, Jamani, ndipo anandiuza kuti Bantomu watha ntchito. Anali atagwirizana kale ndi a Mtonga, mwini butchala kuboma la Chama. A Mtongawo anati adzabwera ndi galimoto pa tsiku la alimi, limene alangizi a zaulimi anakonza m'dera lathu, adzagule mbuzi ndi kutengeratu Bantomu. Pa tsikulo panalinso mpikisano wolima ndi ng'ombe, ndipo a Kumwenda anali atalembetsa Sitima ndi Jamani. Ndinayembekeza kuti ndisangalala nditamva za butchala, koma chimwemwecho sichinabwere.

Mvula inagwa masiku awiri tsikulo lisanafike, nthaka n'kufewa bwino. M'mawa mwake ndinapita kukhola n'kupeza Jamani ataimika mwendo wakutsogolo m'mwamba. Minga inali itamulasa pakati pa ziboda, phazi litatupa. Ndinaizula, ndinatsuka ndi madzi amchere, koma zoti angalime panalibe.

"Basi, tachoka mu mpikisano," anatero a Kumwenda. "Peleka chabe Bantomu kwa a Mtonga."

Ndinawapempha kuti poti Bantomu akupita komweko, andilole ndimukole ndi Sitima. Mpaka lero sindidziwa chimene chinandiyankhulitsa. Mwina ndinkangofuna kuchedwetsa chingwe cha a Mtonga.

"Ukazisebanye weka," anayankha, kutanthauza kuti ndikadzichititse manyazi ndekha. "Ine pasogolo pa ng'ombe iyo siniimapo."

Mpikisano unali m'munda waukulu pafupi ndi sukulu. Magulu analipo asanu ndi limodzi, lililonse ndi ndime yake yozikidwa zikhomo, lililonse ndi amuna awiri kapena atatu: wotsogolera, wa chikwapu, wa pulawo. Ine ndinali ndekha, mkazi, ndi Penshoni. Anthu atationa anaseka mpaka ana asukulu anathamangira kumbali yathu. Pansi pa mtengo wa msikizi panali a Mtonga, atatsamira galimoto yawo, chingwe chatsopano atachikulunga paphewa. Woweruza anali a Jere, mkulu wina wa kumtunda amene alangizi anamuitana chifukwa anakulira kumbuyo kwa pulawo. Anati adzayang'ana kuwongoka kwa mfolo, kuzama kofanana, ndi kuti pasatsale malo odumphidwa.

Ndinaika joko pansi. Bantomu anayenda pang'onopang'ono, anakaima kumanja monga mwa masiku onse, n'kuweramitsa khosi. Ndinakweza chikwapu. Kenaka maso anga anagwera pa chingwe cha a Mtonga, ndipo ndinatsitsa dzanja. Ndinaganiza kuti nyama imene ikukaphedwa madzulo siyenera kuyambanso tsiku lake ndi kumenyedwa. Ngati ndi kusekedwa, ndinali nditasekedwa kale. Ndinamukola kumanja komweko, Sitima kumanzere, n'kuponya chikwapu pa udzu. Munthu asanene kuti ndinachenjera. Chinali chisoni chabe.

Alangizi anaimba wezulo. Mfolo woyamba ndi wovuta chifukwa ng'ombe zilibe chotsata, umangoloza chikhomo cha kutsidya. Popanda wotsogolera ndinadziwa kuti ndagwa nayo. Sitima anadzidzimuka ndi phokoso la anthu n'kufuna kuthamangira kumbali, koma Bantomu analimbitsa khosi, joko linabwerera m'malo, ndipo tinafika pachikhomo titakhota pang'ono chabe. Ndinagoneka pulawo chammbali kuti titembenuke, ndikudandaula kuti nditembenuza bwanji ng'ombe ziwiri ndekha. Ndisanatsegule pakamwa, Bantomu anali atayamba kale kuzungulira, akumukoka mnzakeyo.

Titatsegula mifolo iwiri yoyamba, Bantomu analowetsa mapazi ake mumfolo, ndipo zimene zinachitika kuyambira pamenepo ndimazionabe m'maso. Sanathamange. Ankaponda mwendo umodzi patsogolo pa unzake, mutu uli pansi, tcheni chili chokungika mofanana, osagwedeza. Pulawo imene chaka chonse inkandithyola mapewa inangoti phee, ndinkaigwira ndi nsonga za zala. Dothi linkagudubuzika kumanja, lakuda, lonyezimira. Sitima akafuna kufulumira, joko linkamubweza. Akafuna kutsalira, linkamukoka. Pofika mfolo wachisanu anali atagonja, akuyenda mwa mayendedwe a mkulu wake.

Magulu ena anali patsogolo pathu. Kumeneko kunali zikwapu, mikuwo, ng'ombe zikuthamanga, amuna akulendewera pa mapulawo. Dzuwa la kuchigwa linakwera, thukuta likundilowa m'maso. Titadutsa theka la ndime, Bantomu anaima.

Nthiti zake zinkakwera ndi kutsika, thovu lili kukamwa. Ndinati basi, ukalamba wamupeza pamaso pa anthu onse, ndipo a Mtonga sadzavutikanso kufunsa.

"Mukwapule! Mukwapule Penshoni!" anthu anakuwa.

Wina anatola chikwapu changa n'kundiponyera pamapazi. Ndinawerama, ndipo ndivomere kuti ndinkafuna kuchitola. Powerama m'pamene ndinaona kuti shera yakola muzu waukulu wa chitsa chokwiririka. Bantomu anaumva m'khosi ine ndisanaumve m'manja, ndipo anaima kuti chitsulo chisathyoke. Ndinakokera pulawo m'mbuyo, ndinaidumphitsa muzuwo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Tiye, adada." Anayenda. Patangopita kanthawi tinamva kuti khoo kundime yoyandikana nafe, kumene ng'ombe zinali pa liwiro. Mizu ya chitsa chomwecho inali itathyola shera yawo.

Tinamaliza achinayi. Ndinamasula sitolopo, ndinachotsa joko, n'kuthira madzi pakhosi pa Bantomu. A Jere anayenda ndime zonse ndi kamtengo koyezera kuzama. Atafika pa yathu anaima kumapeto, anatsinzina diso limodzi, anayang'ana mifolo nthawi yaitali. Kenaka anabwera kwa Bantomu, anamugwira khosi, anamutsegula kukamwa kuona mano.

"Iyi ni ng'ombe ya mumfolo," anatero. "Inaphunzitsiwa na munthu woziba nchito. Kwathu yotere sitigulitsa." Anayendetsa dzanja pamsana pake, pa mizere yopanda ubweya. "Manje wamene anaichita izi ni ndani?"

A Kumwenda anali atafika kumbuyo kwanga, koma sindinawayang'ane.

"Ndine, adada. Tinali kuimanga kumanzere."

A Jere anapukusa mutu. Anafotokoza kuti ng'ombe ikaphunzira mbali imodzi kuyambira ili yaing'ono, imeneyo ndiyo mbali yake mpaka kufa, ndipo kuisintha kuli ngati kuuza munthu wamkulu kuti ayambe kudya ndi dzanja lamanzere. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Chaka chonse nyama ija inkandiuza m'mawa uliwonse pamene pali malo ake, ine ndikuiyankha ndi chikwapu. Safunsa anadya phula, ndipo ife tinadyera limodzi ndi aphunzitsi anga.

Atalengeza kuti ndime yopambana ndi yathu, amayi anaimba nthungululu, ndipo omwe aja ankakuwa Penshoni anayamba kukuwa Bantomu. Mphoto inali shera yatsopano ndi thumba la mbewu. Ine sindinasangalale nawo, chifukwa ndinaona a Mtonga akuchoka pa msikizi paja, akumasula chingwe paphewa. Pangano ndi pangano, ndipo a Kumwenda sanali munthu wobweza mawu ake pagulu.

"Aphunzitsi, nyama yanga yakonzeka?" anafunsa a Mtonga.

A Kumwenda anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, anachivalanso. Ine ndinali nditagwira nyanga yoweramira ija, ndipo ndinadziwa kuti akati tengani, ndilibe mphamvu yoletsa. Ng'ombe sinali yanga. Pamenepo bambo wina wa gulu lija lothyoka shera anadutsa pakati pathu n'kupempha kuti Bantomu akakoledwe ndi ng'ombe yake yaing'ono sabata ziwiri, aiphunzitse kuyenda. Wina anati nayenso akufuna. A Kumwenda anawayang'ana onsewo, kenaka anatembenukira kwa a Mtonga.

"Munikhululukire, a Mtonga. Nalakwa ndine. Tengani mbuzi zanga ziwiri, koma mphunzitsi munzanga simumutenga."

Ndinakhala pansi mumfolo momwemo, pa dothi lonyowa, n'kulira ngati mwana, anthu akuganiza kuti ndikulirira mphoto. Mtima umene unali m'mwamba kuyambira tsiku limene ndinamva za butchala unakhala pansi. Madzulo ake ndinayenda ulendo wobwerera ng'ombe zili ziwiri monga ndinapitira, ndipo a Kumwenda ananyamula okha joko paphewa mpaka kunyumba.

Bantomu anakhala zaka zina zitatu. Sankalimanso tsiku lathunthu, ankangokoledwa m'mawa ndi ng'ombe zophunzira, ndipo ng'ombe zambiri zimene zikulima mowongoka kuno ku Kambombo zinadutsa pambali pake. Ine ntchito imeneyi ndikuigwirabe, ndipo tsopano anthu amandiitana mpaka ku Tembwe kuti ndikawaonere ng'ombe zimene akuti ndi zaliuma. Ndikafika sindiyamba ndi kufunsa mwini wake, chifukwa mwini nthawi zonse amakhala wolungama. Ndimapempha kuti zikwapu zonse zipite m'nyumba, kenaka ndimakhala pa chitsa n'kuyang'ana chimene nyamayo ikuchita ikasiyidwa yokha. Ena amatopa n'kufunsa kuti ndiyamba liti ntchito, ndimawauza kuti ndayamba kale.

Tsiku limene Bantomu anafa, anafa yekha m'khola, atagona chammbali, mimba ili yokhuta. Ndinagwada pambali pake monga timagwadira akuluakulu, ndinamupepesa ndi mawu omveka, ndipo sindinasamale kuti ndani akumva.